Time-Sert pa mabowo a mabawuti a hedi ya 2AZ-FE: imagwira, koma yambani mwayeza buloko

Amakaniko amene amatsegula injini ya Toyota 2AZ-FE, ija ya malita 2.4 imene ili mu Alphard, Estima, Ipsum, Harrier, RAV4 ndi Camry zambiri zochokera ku Japan, amalidziwa vutoli. Gasiketi yatsopano yaikidwa, hedi yakhala, mabawuti khumi alowa. Pomanga koyamba ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, zonse zikuyenda bwino. Pofika popinda madigiri 90 omaliza, bawuti imodzi ikulemera, kenako mwadzidzidzi ikupepuka m'manja. Mukaimasula, ikutuluka itakulungidwa ndi kawaya ka aluminiyamu ngati sipuling'i. Kawayako ndi mazinga a m'buloko, azuka.

Buloko ya injiniyi ndi ya aluminiyamu, pamene mabawuti ake, a M11 x 1.5, ndi achitsulo. Ziwirizi zikatentha sizifutukuka mofanana, ndipo injini imene inawirapo madzi mazinga ake amafooka. Amene amazuka kawirikawiri ndi a mabawuti apakati a mbali ya intake, kumbuyo kwa injini, makamaka pa magalimoto opangidwa chisanafike chaka cha 2007. Toyota inafika potulutsa malangizo kwa amakaniko ake ku America okonzera mabowowa ndi Time-Sert, tizitsulo tolowetsa m'bowo kuti tibwezeretse mazinga, ndiye si mankhwala ongopeka pansi pa mtengo.

M'bokosi la Time-Sert mumabwera chitsulo chophwatalala chomangira pamwamba pa buloko, pini yolondolera pakati pa bowo, drill yokhala ndi kolala yoletsa kupitirira, tapu, choloweretsera, guluu womangira mazinga, ndi tizitsulo tokhala ndi mazinga mkati ndi kunja. Chimene chimapambana m'bokosimu ndi chitsulo chophwatalalacho. Mazinga a mabawuti a hedi ali pansi kwambiri m'bowo, ndipo munthu woboola ndi manja okha, kaya ali ndi diso lakuthwa chotani, amapendeketsa. Bowo likapendekeka bawuti imakhuza hedi, torque wrench ikulira gasiketi isanapanidwe.

Ntchito imayenda chonchi. Tsekani ndi tepi masilinda ndi njira zonse za madzi ndi oyilo. Mangani chitsulocho pini ili m'bowo, chotsani pini, boolani mpaka kolala itagunda, mukutulutsa drill pafupipafupi kuti nyenyeswa zisadzaze. Dulani mazinga ndi tapu yopaka mafuta, mukubweza pang'ono pakangolemera. Tsukani ndi brake cleaner, uzirani ndi kompulesa mpaka bowo liume gwaa. Guluu apite kunja kwa kachitsulo, oyilo pang'ono pa choloweretsera. Chakumapeto choloweretseracho chimalimba kenako n'kumasuka: apo ndiye kuti mazinga apansi a kachitsulo afutukuka n'kudzikhoma m'buloko. Kulimba kuja kukakuopsani n'kusiyira pomwepo, kachitsulo kadzatuluka limodzi ndi bawuti.

Konzani mabowo onse khumi, osati lozukalo lokha. Anzakewo anaphikidwa ndi moto womwewo.

Koma musathamangire kuitanitsa bokosili musanaone ngati buloko ili yamoyo, chifukwa Time-Sert imabweza mazinga basi, siluma ming'alu. Ndipo ming'alu yambiri yozungulira mabowowa amaibweretsa ndi makaniko mwini. Bowo la bawuti ya hedi n'lotseka pansi. Mukasiyamo oyilo kapena madzi n'kumanga bawuti, madziwo alibe kothawira ndipo safinyika, choncho amang'amba khoma kulowera kunjira ya madzi. Nthawi zina pamamveka kaphokoso koti thee, nthawi zina zii. Bawuti yaitali mopitirira, kapena yakale imene inatamuka, imachitanso chimodzimodzi ikagunda pansi pa bowo.

Hedi ili pansi, tsukani pamwamba pa buloko, osapala ndi chitsulo chakuthwa. Goneketsani straight edge, chitsulo chowongoka ngati rula, m'litali, m'lifupi ndi mopingasa, muyese mpata wa pansi pake ndi feeler gauge, timapeni topyapyala toyezera mpata. Mpata ukapitirira muyeso wolembedwa m'buku la injini yanu, buloko ipite kwa a makina osalaza musanachite china chilichonse. Yang'anitsitsani mlomo wa bowo lililonse: bawuti ikazula mazinga nthawi zina imatukula kachitunda, ndipo gasiketi yachitsulo singakhale bwino pamenepo. Ming'alu ifufuzeni ndi dye penetrant, mankhwala a m'zitini oonetsa ming'alu, wofiira ndi woyera. Pakani wofiira, dikirani monga mwalembedwera pachitini, pukutani, uzirani woyera. Mng'alu umaoneka ngati kaulusi kofiira kochokera pabowo. Njira ya maginito isiyeni, pa aluminiyamu sigwira. Palinso njira yosalira ndalama: dzazani bowo ndi palafini, lisiyeni ola lathunthu, muone ngati watsika. Mukatha, liumitseni bwinobwino.

Hedi ikabwerera, ikani mabawuti atsopano, opakidwa oyilo wochepa m'mazinga ndi pansi pa mutu, mukumanga kuchokera pakati kupita kunja. Pa 2AZ-FE zoyambirira ndi 79 Nm kenako madigiri 90, pa zapambuyo pake 70 Nm ndi madigiri 90, choncho onani buku la chaka cha injini yanu. Ikani kadontho ka penti pamutu pa bawuti iliyonse kuti muone kuti zonse zapinda mofanana. Bawuti yabwino imalemera mpaka kumapeto.

Musanalize injini, thirani madzi, mupope mpweya mu rediyeta kufika pa nambala yolembedwa pachitsekero chake, imene pa Toyota zambiri ndi 0.9 kapena 1.1 bar. Siyani mphindi 20. Muvi wa geji ya pampu ukamatsika koma mapaipi ali ouma, unikani ndi tochi ndi kagalasi pansi pa intake manifold, pomwe hedi yakumana ndi buloko. Chotsani mapulagi muone ngati pamwamba pa pisitoni pali madontho. Injini ikatentha, block tester, kachipangizo koika pakamwa pa rediyeta, ndiye mboni: madzi ake abuluu akasanduka achikasu, utsi ukulowa m'madzi. Leak-down test, yoyesa ngati silinda ikutaya mpweya, imaloza ngakhale silinda yake, pakuti thovu limatumphuka pakamwa pa rediyeta mukangopopera mpweya m'silindayo. M'mawa mwake gwirani paipi yapamwamba injini ili yozizira. Ikakhala yolimba ngati tayala, china chake sichili bwino. Koma kaoyilo kotuwa pansi pa chitsekero cha oyilo kasakuthamangitseni magazi tsiku loyamba, kamatha kukhala kotsalira kuvuto lakale. Sinthani oyilo, muyang'anenso.

Zofooka za bokosili zilipo. N'lodula, m'masitolo ambiri a zipangizo za magalimoto simulipeza moti muyenera kuliitanitsa kunja, ndipo kwa mwini galimoto imodzi ndalamazo n'zowawa. Galaja imene imalandira ma Alphard ndi ma Estima pafupipafupi ndi imene ingapindule, chifukwa pambuyo pake imangogula tizitsulo tokha. Helicoil, njira ina yobwezera mazinga, ndi yotsika mtengo ndipo pa mabawuti a manifold kapena a kavala ya mavavu imachita bwino, koma ndi waya wopota, ndipo wamfupi wa m'mabokosi wamba sakwanira pa bawuti imene ikukokedwa mpaka kutamuka. Bowo limene wina analibowola kale n'kuikamo Helicoil limakhala litakula, kachitsulo ka Time-Sert wamba sikagwiramo. Pamenepo pamafunika Big-Sert, kachitsulo kokulirapo ka kampani yopanga Time-Sert yomweyo. Choncho unikani m'mabowo onse khumi ndi tochi musanatumize ndalama.