Kampani ya galimoto ku Leh: dalaivala wabwino zedi, koma matenti a ku Pangong ayi

Amene mukuganiza zopita ndi ana ku Ladakh, kumpoto kwenikweni kwa India uko, ndati ndikuuzeni za kampani yomwe inatiyendetsa ifeyo, ine, bambo a kunyumba ndi ana athu. Dzina lake sinditchula poti pali zina zoti ndidandaule m'munsimu, koma ndi imodzi mwa timakampani tambirimbiri ta mu tauni ya Leh tomwe timakupatsa galimoto ndi dalaivala, kukukonzera mapepala komanso kukusungitsira malo ogona.

Kampani kumeneko sungaizembe ayi. Mlendo wochokera kunja kwa India amafunika chilolezo chapadera kuti alowe madera a kufupi ndi malire monga chigwa cha Nubra ndi nyanja ya Pangong, ndipo chimadzera kwa maejenti olembetsedwa. Komanso bungwe la eni matakisi ku Leh ndi lamphamvu, ndi lomwe limaika mitengo, ndipo takisi yochokera kunja kwa Ladakh sailola kumayendetsa alendo kokaona malo. Nde za mtengo wa galimoto palibe zonenerera kwambiri. Chomwe ukugula kwenikweni ndi munthu amene agwire chiwongolero, ndipo apa ndiye tinachita mwayi.

A dalaivala athu anali bambo achikulire ndithu, ofatsa, osalankhula zambiri kupatula "Julley" wawo uja amene kumeneko amapereka moni naye, kuthokoza naye komanso kutsanzika naye. Atangotitenga pa bwalo la ndege anatiuza mosapita m'mbali kuti lero ndi mawa kulibe ulendo, kagoneni, muzimwa madzi. Leh ili pa mamita pafupifupi 3,500 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo ukabwera pa ndege kuchokera ku Delhi thupi silikhala litakonzeka, mpweya ndi wochepa moti kungokwera masitepe a pa hotelo umayamba wefuwefu. Akuluakulu a boma kumeneko amalangiza kupuma maola 48 usanakwere kumtunda. Tinaona magulu ena akunyamuka m'mawa mwake pompo, koma athuwa anakana, ndipo kampani inawaikira kumbuyo olo zinatanthauza kuti galimoto yawo ingokhala osapanga ndalama yambiri. Apa pokha ndinayamba kuwakhulupirira.

Tsiku lopita ku Nubra ndi lomwe ndinaona ntchito yawo bwinobwino. Msewu umakwera mokhotakhota kuchoka ku Leh, makilomita ngati 40, mpaka pa mpata wa Khardung La, mamita 5,359, mbali imodzi thanthwe mbali inayo phompho, kwinaku mukupatukirana ndi malole a asilikali. Tili pamwamba penipeni, timbendera ta mapemphero tikupepeluka ndi mphepo, mwana wathu wamkazi anangoti zii, n'kunena kuti mutu ukumuwawa komanso akumva nseru. A dalaivala sanachedwe, anatulutsa kachipangizo kopana pa chala kaja koyeza okosijeni m'magazi, anayang'ana nambala, n'kuti mayi tiyeni titsike, zithunzi mukajambula kutsogolo. Bambo a kunyumba anali asanafike n'komwe pa chikwangwani chomwe aliyense amajambulitsapo, koma anabwerera osatsutsa. Titatsika ndithu kumunsi mwana anayambanso kucheza, n'kupempha bisiketi. Mankhwala enieni a vuto limeneli la kuchepa kwa mpweya pamwamba pa mapiri ndi kutsika basi, ndipo munthu amene amadziwa zimenezi osadikira kuti mwana ayambe kusanza ndi amene ndikufuna aziyendetsa ana anga.

Malowo pawokha abale ndi odabwitsa. Ndi chipululu chenicheni koma chozizira, mvula ya chaka chonse ku Leh imangokwana mamilimita ngati 100 chifukwa mapiri a Himalaya amatchinga mitambo yamvula yochokera kummwera, nde mapiri ndi gwaa opanda mtengo olo umodzi, kenako mwadzidzidzi umangoona kamudzi kobiriwira ndi minda ya balere pomwe pakudutsa madzi osungunuka kuchokera ku ayezi wa m'mapiri. Dzuwa limawotcha khungu pomwe mphepo ikukulowa m'mafupa, milomo ya tonse inang'aluka. Ku Diskit, mudzi wa ku Nubra, tinaona nyumba ya amonke achibuda ya zaka za m'ma 1300 ndi chiboliboli cha Maitreya, Buddha amene amati adzabwera mtsogolo, chotalika mamita 32. Koma ana chomwe sakuiwala mpaka pano ndi ku Hunder, ku Nubra komweko, milu ya mchenga yoyera pakati pa mapiri, ndi ngamila za malinunda awiri zaubweya wambiri, mbadwa za zija zinkanyamula katundu wa amalonda opita ku Central Asia kalekale. Wamng'onoyo anaopa kukwera, nde a dalaivala anamugwira dzanja n'kupita naye pafupi ndi kamwana ka ngamila kuti angokasisita pakhosi, anakhala naye pamenepo mpaka mantha atatha, osayang'ana wotchi.

Ku Nubra anatigoneka pa nyumba ya banja lina, chakudya chake thukpa wotentha, amene ndi supu wa manudozi, ndi ma momo, timitanda ta ufa toikamo nyama kapena masamba mkati. Tiyi wawo wothira batala ndi mchere ana anamukana, ine ndinamwa. Palibe chodandaula.

Dandaulo langa lili pa Pangong. Nyanjayo ndi yokongola mosaneneka, yamchere, yotalika makilomita oposa 130 ndipo gawo lalikulu lili mbali ya China, mtundu wa madzi umasintha dzuwa likamayenda. Koma ili pa mamita oposa 4,200, ndipo kugona pamenepo ndi ana si nkhani yamasewera. Ku ofesi anatiuza kuti matenti ake ndi apamwamba, ofunda, madzi otentha alipo. Zomwe tinapeza ndi tenti ya zipi yoduka yolowetsa mphepo usiku onse, jenereta anazimitsa anthu atangomaliza kudya, madzi otentha inali ndowa imodzi m'mawa ya anthu tonse. Ana sanagone, ifenso ayi, mutu kuwawa onse. Silinda ya okosijeni yomwe inali m'galimoto, imene ife tinkayesa kuti ili kale mu mtengo, anadzatilipiritsa padera pa mapeto. Sindikukana kulipira chinthu chotere, ndi chofunika, koma anene poyamba. Ndipo chinandipweteka kwambiri n'choti a dalaivala enieniwo anagona m'galimoto kuzizira konseko, kampani osawakonzera malo, pomwe m'mawa mwake amayenera kutidutsitsa pa Chang La, mpata wina wopitirira mamita 5,300. Munthu amene wanyamula miyoyo ya banja lonse azigona pabwino.

Za foni anatichenjeza bwino, SIM yolipiriratu yogulidwa m'madera ena a India sigwira ku Ladakh, ndipo kunja kwa Leh netiweki ndi ya apo ndi apo, nde auzenitu abale kuti mukhala chete. Tenganinso ndalama za rupee m'manja ndi mafotokope a pasipoti ndi chilolezo chija poti pa marodibuloko amafunsa.

Titabwerera ku Leh ndinakadandaula ku ofesi. Anapepesa, anati matentiwo si awo amangosungitsa malo, koma sanabweze kalikonse, ndipo za kogona kwa dalaivala anangoti ndi mmene zimakhalira. Yankho limenelo silinandikhutiritse. Ngati mukupita ndi ana ang'onoang'ono, auzeni akulembereni pa pepala zonse zomwe zili mu mtengo, mufunse komwe dalaivala akagone, ndipo Pangong mukaione masana n'kutsika kukagona malo otsikirapo.