GTX 1060 yakale patatha miyezi 14 ku Mangochi

Mu Ogasiti 2024 msuweni wanga anatsika basi ya ku Joni ndi katundu wa mudzi wonse: mabulangete a mayi ake, foni ya mlongo wake, nsapato za ana a eni. Pansi penipeni pa chikwama panali kabokosi kokulungidwa m'juzi, ndipo m'menemo munali graphics card yanga (khadi yothandiza kompyuta pa zithunzi ndi mavidiyo), GTX 1060 ya 6GB ya kampani ya NVIDIA, yogwiritsidwa kale ntchito. Amene anandiona ndikuifukata ngati khanda kuchokera ku depoti akhala akundifunsa ngati ndalama zija zinabwerera. Pamsewu ndimangoyankha kuti ili bho. Lero ndiyankha motambasula.

Ntchito yanga ndi yojambula ndi kukonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, kuyambira pa boma pano mpaka ku Makawa, Namwera ndi Malindi. Ndimaphunziranso pa yunivesite ina, maphunziro aja oti munthu umakhala kwanu n'kumapita kukalasi masabata ochepa pa temu. Khadiyi ndinaigulira ntchito ziwirizi, ndipo pa iliyonse yaonetsa khalidwe lake.

Msuweni atafika m'sitolo anandiimbira. "Achimwene, pali RX 580 ya 8GB, yotchipa kuposa mukuifunayo. Bwanji osangotenga imeneyi?" Makhadi amenewo anasefukira pamsika kuchokera mu Seputembala 2022, pamene Ethereum, ndalama ina ya pa intaneti, inasiya kukumbidwa ndi makhadi, eni ake n'kuyamba kuwagulitsa mwaunyinji. Ndinakana. Sikuti ndi khadi yofooka ayi. Nkhani ndi yoti maina a akwati aja ozungulira ngati agolide kumayambiriro kwa vidiyo ndimawapangira mu pulogalamu ya Blender, ndipo Blender inachotsa OpenCL, njira imene inkagwiritsira ntchito makhadi ngati amenewo, mu 3.0, mu Disembala 2021, moti RX 580 singathandize pa render, kutanthauza kutulutsa zithunzi zomalizidwa. Ya NVIDIA ili ndi njira yakeyake yotchedwa CUDA, ndipo mapulogalamu ambiri amene ndimafuna amayendera njira imeneyo. Msuweni anaona ngati ndapusa posiya 8 n'kutenga 6. Mpaka pano amandiseka nazo.

Kupusa kwenikweni kunali kwina. Kompyuta yanga ndi ija ya muofesi, ndipo power supply yake, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta, inalibe chingwe cha mapini 6 chimene khadi ya 120W imeneyi imafuna. Sindinafufuze. Khadi inakhala pa shelefu masabata awiri ndikungoiyang'ana, kudikira power supply ina kuchokera ku Blantyre.

Itayamba ntchito, chimene chinandisangalatsa kwambiri si maina agolide aja. Ndi kuchepetsa kukula kwa vidiyo. Ukwati wa kuno theka la abale amaonera ali ku Joni kapena ku Cape Town, ndipo amafuna vidiyo pa WhatsApp, yopepuka, tsiku lomwelo ngati n'kotheka. Kale ndinkaisiya kompyuta usiku wonse ikulira. Tsopano mu pulogalamu ya HandBrake ndimasankha NVENC, kachigawo ka pakhadi kochita ntchito yokhayo, ndipo ndikamamaliza kudya mgonero faelo imakhala yatha. Vidiyo za 1080p zimayenda myaa. Za 4K zochokera m'mafoni a alendo zimatsimphina, makamaka ukasanjikiza ziwiri, choncho ndimayamba ndapanga makope opepuka ogwirira ntchito. AV1, mtundu watsopano wa mafaelo a vidiyo, khadiyi siidziwa n'komwe, inayamba kuwerengedwa ndi makhadi a RTX 30.

Kenako kunabwera Okutobala. Amene sanakhalepo ku Mangochi m'nyengo imeneyi sangamvetse. Pofika 10 koloko m'mawa malata amakhala akulira, mpweya wa m'nyumba uli ngati wa mu uvuni. Khadi inkafika madigiri 83 m'mphindi zochepa n'kuyamba kudzibweza yokha liwiro kuti isapse, mafani akulira ngati chigayo cha patali. Nditaitsegula ndinapeza fumbi lonse la mwera litaundana pakati pa zitsulo zoziziritsa, thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha, itauma n'kung'aluka ngati dambo lopanda madzi. Ndinapukuta, ndinapaka ina, kenako mu pulogalamu ya MSI Afterburner ndinatsitsa mphamvu imene imakoka kufika pa 80 peresenti. Kusiyana kwa liwiro sindikuona ndi maso, koma kutentha kunatsika ndipo phokoso linachepa moti mayi a kunyumba anasiya kudandaula. Ntchito zolemera ndimaziyamba 4 koloko m'mbandakucha. Kupukuta fumbi ndi mwezi uliwonse, osadumpha.

Magetsi nawo anandiphunzitsa mwankhanza. Tsiku lina render ya ukwati wonse inatsala pang'onong'ono, magetsi thii. Ndinayambiranso. UPS, batire yosungira kompyuta magetsi, imene ndinagula pambuyo pake imangondipatsa mpata wosunga ntchito ndi kuzimitsa bwino, si yogwirira ntchito. Pano vidiyo ndimaidula m'zigawo, kutchalitchi kapena kumzikiti padera, perekaniperekani padera, kuti akazima nditaye chigawo chimodzi chokha.

Za ma driver, timapulogalamu toyendetsa khadi, ndiye mutu umene ndinkaupeputsa pogula. Khadiyi inatuluka mu Julaye 2016, ndi ya m'badwo wa Pascal. NVIDIA inalengeza kuti driver yomaliza yokhala ndi zatsopano ya makhadi a Maxwell, Pascal ndi Volta ndi ya Okutobala 2025, ndipo kuchokera apo izingotulutsa zotseka mabowo a chitetezo mpaka Okutobala 2028. CUDA 13 nayo inawasiya makhadi amenewa. Pa 14 Okutobala 2025, Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, ndipo purosesa yanga ndi yakale kuposa imene Windows 11 imalola. Zaka 9 akusamalira khadi imodzi si zochepa, sindingawanene. Komanso khadi sinafe tsiku limenelo, mmawa wake inayaka ngati kale. Chimene chasintha n'choti pulogalamu iliyonse ikandiuza kuti kwabwera yatsopano, ndimayamba ndawerenga ngati ikulolabe khadi yanga. Mafaelo oikira mapulogalamu amene akuyenda bwino ndinawasunga pa fulashi ziwiri. Driver imodzi imapitirira 600MB, ndipo bandulo siimera m'munda. Linux Mint, yogwira ntchito m'malo mwa Windows, ndaiika pa disiki ina, ndikuizolowera pang'onopang'ono.

Tsopano za kusukulu, kumene ndinkaganiza kuti khadi indithandiza kwambiri.

Pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ndi yokhudza makomiti a m'madoko a nyanja ya Malombe, aja a BVC (Beach Village Committee) oyang'anira za usodzi, amene anayambira komweko ndi kumtunda kwa Shire mu 1993 chambo chitayamba kusowa. Ndinajambula mawu a asodzi, alovi, amayi ogula nsomba, ndi akuluakulu angapo a muofesi. Chiyembekezo changa chinali pa Whisper, pulogalamu ya OpenAI yosandutsa mawu olankhulidwa kukhala olembedwa. Mtundu wake wa medium umafuna pafupifupi 5GB, ndiye unakwana pakhadi yanga, pamene wa large wofuna 10GB sunakwane. Pa akuluakulu olankhula Chingerezi inagwira ntchito yotamandika, ine n'kumangokonza maina a malo. Koma pa m'ndandanda wa zilankhulo zake pali Chiswahili ndi Chishona, Chichewa palibe, Chiyawo ndiye osatchula. Nditayesa mawu a amalume anga, amene akhala pa khoka la nkacha kuyambira ndisanabadwe, zinatuluka zinthu zoti tinaseka mpaka misozi. Choncho mawu onse a ku doko ndinalemba ndekha, mahedifoni kukhutu, kubweza chiganizo katatu kanayi, masabata atatu athunthu. Ndinkadandaula tsiku lililonse kuti ndinagulira chiyani khadi.

Mutu wachiwiri, uja wofotokoza zimene ena analemba kale, ndinaulemba mwachangu. Chizolowezi changa chinali choti ndikapeza ndime yabwino mu PDF, ndimaikopera mu faelo ya manotsi kuti ndidzaikonze pambuyo pake. Patapita miyezi sindinkadziwanso kuti mawu anga ndi ati, a eni ndi ati. Zonse zinkamveka ngati zanga chifukwa ndinali nditaziwerenga kambirimbiri.

Lipoti la Turnitin linabwera lachikasu, 34 peresenti, kupitirira mlingo umene sukulu yathu imalola. Amene simunaionepo, pulogalamuyi imayerekeza zolemba zako ndi masamba a pa intaneti, magazini a kafukufuku, ndi ntchito zimene ophunzira ena anapereka kale, n'kupaka utoto paliponse pofanana. Pansi pa 25 imaonetsa zobiriwira, kuyambira 25 mpaka 49 zachikasu, kupitirira apo zimanka zifiira. Siigamula kuti waba, imangoloza. Ogamula ndi anthu.

Mnzanga wa m'kalasi anandiuza kuti ndisavutike. "Aise, uli ndi khadi iwe. Ika AI pa kompyuta yako, isinthe mawu, nambala itsika." Ndinayesa, ndisakunamizeni. Kamtundu ka AI kakang'ono kofinyidwa kanakwana mu 6GB ndipo kanayenda popanda intaneti. Chingerezi chake chinali choterera kuposa changa. Koma pa ndime ina kanalemba Malombe ngati nyanja yakuya, pamene mwana aliyense wa kwa Chimwala amadziwa kuti ndi yosaya, ndipo nkacha kanaisandutsa mtundu wa bwato. Ndinatseka. Usiku womwewo ndinatsegula ndondomeko ya sukulu imene ndinasainira chaka choyamba osawerenga. Inanena momveka kuti kusintha mawu a munthu osamutchula ndi kuba komwe, kuti kubwereza ntchito yako imene inachongedwa kale osanena ndi mlandunso, kuti wogwiritsa ntchito AI aziulula, ndiponso kuti chilango chimayambira pa kulembanso mpaka kuchotsedwa sukulu. Ndinazindikira kuti likasa likhoza kuvala suti.

Mmawa ndinaimbira supavaiza wanga.

"Madamu, pepani kukusokonezani. Lipoti lija mwaliona?"

"Ndaliona, bambo. Inuyo mwaliwerenga, kapena mwangoona nambala?"

Ndinali nditangoona nambala. Anandiuza nditsegule tiyendere limodzi. Gawo lalikulu linali proposal yanga yomwe, imene inalowa m'nkhokwe temu yapita, ndipo iwo anati imeneyo aichotsa chifukwa ndi ntchito imodzi yomweyo. Gawo lina linali m'ndandanda wa mabuku ndi mawu a m'mitengero, zimene pulogalamuyo imatha kuzipatula munthu akaiuza. Zitachoka zimenezo panatsala ndime zisanu ndi ziwiri za mutu wachiwiri, zopakidwa utoto kuyambira pa chilembo choyamba mpaka pa mpumiro.

"Izi ndiye zanu zenizeni," anatero. "Ngakhale nambala ikanakhala 10, ndime izi ndikanazibweza. Koma taonani mutu wachinayi."

Mutu wachinayi, wa mawu a ku doko uja, unali woyera mbee. Munalibe utoto kupatula pa dzina la dipatimenti ya za usodzi.

Ndondomekoyi ndili nayo mawu awiri. Kuika mlingo wa peresenti kumachititsa ophunzira kuthamangitsa nambala m'malo mophunzira kutchula eni nzeru, ndipo ndikudziwa anzanga amene anatsitsa nambala posokoneza ziganizo mpaka tanthauzo kuthawa, n'kudutsa bwinobwino. Chachiwiri, ife ophunzira akutali timamva za malamulowa tsiku limodzi la kulandiridwa, pakati pa nkhani za fizi ndi malo ogona, kenako timadzakumana nawo chaka chachinayi ali ndi mano. Akanatipatsa mwayi woona lipoti pa ntchito zazing'ono kuyambira chaka choyamba, chizolowezi changa chokopera manotsi chikanafa kalekale. Komabe ndime zisanu ndi ziwiri zija sanandikoperere munthu.

Mutu wachiwiri uja ndinaulembanso PDF ili yotseka. Ndimawerenga, ndimatseka, ndimalemba chimene ndamva, kenako ndimatsegula kuona ngati sindinanamizire wolemba. Zotero, yomwe ndi yaulere, ndiyo imandisungira mabuku ndi kuwasanja mwa APA, kalembedwe kotchulira mabuku. Zodabwitsa n'zoti pa ntchito yonseyi khadi inali chete, mafani osazungulira n'komwe. M'tsamba lachivomerezo ndinalemba kuti Whisper inandithandiza kulemba mawu a Chingerezi a anthu anayi ndipo ndinawakonza ndekha. Madamu anati n'zokwanira.

Kodi ndingaigulenso? Pa mtengo umene ndinaipezera mu 2024, ndi ntchito ya mavidiyo imene yandigwirira, inde, inabweza ndalama zake pa maukwati ochepa. Koma mng'ono wanga atandifunsa lero, ndingamuuze asaigule, pokhapokha ngati akufuna ya 1080p basi ndipo waipeza motchipa kwenikweni. Aitsegule aone fumbi, aiyese kwa ola lathunthu asanapereke ndalama, ndipo ayambe wayang'ana power supply yake. Ine diso langa lili pa RTX 3060 ya 12GB, ya mu 2021, imene ingakwanitse Whisper yaikulu ija ngakhale Chichewa isachimvebe. Imakoka 170W, kutanthauza kuti nkhani ya kutentha tiyambiranso. Msuweni akuti abwera pa Khirisimasi, ndipo watumiza kale chithunzi cha khadi ina yotchipa imene ati ili ndi ma GB ambiri. Sindinamuyankhe. Loweruka pali chinkhoswe ku Makawa, ndipo fani ya kumanzere yayamba kakulira kena kachilendo.