Kosi ya Principles of Insurance: ya mayeso ndi yabwino, ya ntchito ikuperewera

Anzanga a chaka chachiwiri akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti kodi kosi ya Principles of Insurance ndi yofunika kuitenga kapena angosankha ina yophweka, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Ndinaitenga chaka chatha, mayeso ndinakhoza bwino, kenako ndinakagwira attachment miyezi itatu pa kampani ina ya inshuwalansi ku dipatimenti ya ma claim, choncho mbali zonse ziwiri ndaziona.

Chomwe ndinakonda kwambiri ndi kaphunzitsidwe ka alekichala athu. Sankangoti lowezani utmost good faith, insurable interest, indemnity, subrogation, contribution ndi proximate cause basi ayi, mfundo iliyonse ankabwera nayo ndi mlandu weniweni womwe unafika kukhoti. Wa Carter v Boehm wa mu 1766, wokhudza utmost good faith (kuulula zoona zonse potenga inshuwalansi), sindidzauiwala. Carter, bwanamkubwa wa linga la Fort Marlborough ku Sumatra, anamutengera inshuwalansi ku London yoti lingalo likalandidwa ndi adani alipidwe, a French analilandadi, wa inshuwalansi, Boehm, nkukana kulipira ati sanauzidwe kuti linga lake linali lofooka. Woweruza Lord Mansfield anagamula kuti zoonadi wotenga inshuwalansi ayenera kuulula zomwe akudziwa zimene mnzakeyo sangazidziwe, komabe mlanduwo anawina ndi Carter chifukwa za nkhondo yomwe inalipo nthawi imeneyo wa inshuwalansi ankayenera kuzidziwa yekha. Tsiku limenelo kalasi yonse inagawikana pawiri, mkangano mpaka nthawi inatha anthu akadalankhulabe panja.

Proximate cause, kutanthauza chenicheni chomwe chayambitsa ngozi, ndi yomwe imagwetsa anthu ambiri pa mayeso, ine ndinaimvetsa chifukwa cha mlandu wa Leyland Shipping wa mu 1918. Sitima yotchedwa Ikaria inaphulitsidwa ndi torpedo ya a German kufupi ndi Le Havre, anaikokera kudoko, kutabwera mphepo yamkuntho anaisuntha ndipo mapeto ake inamira. Eni sitima ankati yamira ndi nyanja, khoti linati ayi choyambitsa chenicheni ndi torpedo ija, ndipo poti policy yawo sinkakhudza za nkhondo sanalipidwe. Ukamva nkhani imeneyi sufunikanso kuloweza, umangodziwa kuti chomwe chachitika komaliza sindiye kuti ndicho chayambitsa.

Pokonzekera mayeso ndiye anatithandiza zedi. Masabata atatu omaliza tinkangopanga mapepala akale, ndi wotchi patebulo, ndipo masamu a average, owerengera zolipira katundu akaikidwa pa inshuwalansi yochepera mtengo wake, tinawabwereza mpaka kulowa m'mutu. Mwachitsanzo katundu ndi wa mtengo wa 1,000,000 koma munthu wamuika pa inshuwalansi ya 600,000 yokha, moto nkuwononga za 200,000, kampani ilipira 120,000 basi chifukwa munthuyo anateteza magawo 6 pa 10 aliwonse, zotsalazo ndi zake. Funso ngati limeneli linabweradi. Langizo langa musamaloweze tanthauzo lokha, mafunso ambiri amakupatsani kankhani kenako nkufunsa kuti kampani ilipire kapena ayi komanso chifukwa chake, nde mamalikisi ali pa chifukwacho.

Dandaulo langa loyamba ndi ma asainimenti. Tinalemba awiri, wina wa pagulu, koma zotsatira zinabwera patatsala masiku ochepa kuti tilembe mayeso ndipo papepala panali nambala yokha, opanda ndemanga yoti apa walakwitsa chakuti. Zimenezi zimapweteka chifukwa munthu umakhala watayapo nthawi yambiri ndipo ukufuna kudziwa pomwe ukufooka nthawi ikadalipo.

Koma chachikulu chomwe chandipangitsa kulemba zonsezi ndi ichi, semesita yonse sitinagwirepo policy yeniyeni ngakhale imodzi. Tsiku loyamba ku attachment anandipatsa fayilo ya claim ya galimoto kuti ndione ngati ikuyenera kulipidwa, mfundo zonse ndinali nazo m'mutu koma sindinkadziwa kuti uyambe ndi schedule (tsamba lomwe limatchula mwini policy, katundu wake ndi masiku ake), uone masiku a policy ngati ngoziyo yachitika mkati mwake, uone ngati premium inalipidwa, kenako exclusions (zomwe policy siilipira), excess (gawo lomwe mwini policy amalipira yekha) ndi ma endorsement omwe mwina asintha mawu a policy yoyambirira ija. Mayi wina yemwe wagwira ntchitoyi zaka zambiri anakhala nane masana onse kundionetsa tsamba ndi tsamba, ndimawathokoza mpaka pano, koma izi zinayenera kuchitika m'kalasi ngakhale kwa sabata imodzi yokha. Excel nayo sitinaikhudze pomwe ku ofesi loss ratio, yomwe ndi ma claim kugawa ndi ma premium, amaifuna pa spreadsheet mwezi ndi mwezi. Reinsurance, yomwe ndi inshuwalansi yomwe makampani a inshuwalansi amadzitengera okha, tinangodutsapo lekicha imodzi, pomwe pa intavyu yanga yoyamba anandifunsa kusiyana kwa mitundu yake iwiri, treaty ndi facultative.

Zinanso za mapepala a ukatswiri anatiuza sabata yomaliza ngati zongowonjezera. Chartered Insurance Institute ya ku London ili ndi Certificate in Insurance yofuna ma credit 40 kenako Diploma ya ma credit 120, ndipo zambiri zoyambirira zimafanana ndi zomwe tinaphunzira, bwenzi ena titalembetsa zinthu zikadali m'mutu. Mufunsenso ku Institute-ko ngati digiri yanu ingakuchotsereni mapepala ena, amalola kupempha zimenezo.

Pa nyenyezi 5 ndikupereka 4, ndipo amene mukufunsa itengeni ndithu, makamaka ngati mumakonda zamalamulo ndi masamu pang'ono. Kungoti sabata yoyamba yomweyo pezani policy wording ya galimoto ndi ya moto, makampani ambiri amaziika pa intaneti, muziiwerenga limodzi ndi manotsi mfundo iliyonse mukaphunzira muziifufuza kuti yalembedwa pati. Ine ndalembera kale a dipatimenti kupempha kuti chaka chino aitane munthu wa ma claim adzabwere ndi mafayilo akale ofufutidwa mayina, ndikudikira yankho lawo.