Kawailesi ka sola kamene tinamverapo zotsatira za 2020

Inu amene mukufuna wailesi ya sola yoika pakhomo, makamaka okhala kuno ku Mzuzu kumene dzuwa limatinyanyala miyezi yozizira, ndikuuzeni za kanga. Ndi kaja kakang'ono kokhala ndi chogwirira pamwamba, sola yomata kumsana, tochi kumbali, ndi pobayira fulashi ndi memori khadi. Dzina lake linafufutika kalekale ndi thukuta la m'manja, koma timawailesi totere tadzaza m'misika ndi mayina osiyanasiyana. Ndinakagula m'tauni chakumapeto kwa 2019, mlandu wa chisankho uli mkati, chifukwa bandulo inkandithera pa foni, komanso munthu wosoka ngati ine maso amakhala pa singano, makutu okha ndiwo amakhala ndi mpata. Mpaka lero kakulira. Ndikuti gulani, koma mumve kaye pamene kali ndi mphamvu ndi pamene kamafooka.

Batire ndiye chuma chake. Ndinalidziwa bwino pa 3 February 2020, tsiku limene majaji asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko ankapereka chigamulo ku Lilongwe. Chigamulocho chinali cha masamba pafupifupi 500, ndipo anayamba kuwerenga m'mawa mpaka kunja kuda. Kawailesi kanali pa tebulo la mashini, pakati pa ziguduli ndi choko, ndipo sikanazime ngakhale kamodzi. Makasitomala obwera kudzatenga zovala ankaima pakhomo, kenako n'kukhala pansi, osachokanso. Pamene zinamveka kuti chisankho cha pulezidenti cha pa 21 May 2019, chija cha Tippex, chathetsedwa, ndipo china chichitike pasanathe masiku 150, mawu ake anali akadali omveka bwino, tochi ikuyakanso. Khotilo linanenanso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, chija timati 50+1. Ine zonsezi ndinazimvera pa kabokosi kokwana m'chikwama cha kumsika.

Kakokedwe ka masiteshoni n'kabwino ndithu. Ndimakhala ku Chiputula, nyumba yathu ili chakumunsi, koma Zodiak, MBC, Times ndi Voice of Livingstonia zimamveka popanda phokoso bola mukoke eriyo yonse. Chopotokolera masiteshoni n'chofewa kwambiri, mwana akangokhudza pang'ono mwachoka kale pa nkhani mwafika pa nyimbo. Ine ndinamata kapepala pamene pali siteshoni yanga.

Sola yake ndiyo ndimaidandaula. Mu October, dzuwa likuswa mtengo, mukakasiya pa denga la bafa kamadzaza bwinobwino. Koma June wa ku Mzuzu mumamudziwa: nkhungu m'mawa, mvula yowaza masana, dzuwa kungosuzumira pang'ono n'kubwerera. Kasola kakang'ono chonchi sikatola kanthu. Muyenera kukatchaja pa magetsi akakhalapo, apo ayi mugule sola yapadera yokulirapo. Ndipo zoti kamatchaja foni, wogulitsa akakuuzani musazitengere pamtima. Kamatchaja inde, koma foni isanafike pena paliponse wailesi yafa kale. Sankhani chimodzi.

Chisankho chobwereza chinagwa m'nyengo yomweyo, Lachiwiri pa 23 June 2020. Ndinadzuka kukadali mdima, n'kufunda zitenje ziwiri pamwamba pa juzi, kawailesi m'chikwama. Pasukulu pamene ndinalembetsa mzere unali utayamba kale. Inali nthawi ya Covid-19, pakhomo panali ndowa ya madzi ndi sopo, ndipo madziwo ankaluma zala ndi kuzizira. Ndinatsitsa voliyumu kuti ndisasokoneze, koma amayi amene anali kumbuyo kwanga anandikodola n'kunena kuti, "Kwezani pang'ono asisi, timve ngati kwina ayamba." Ndinazima nditayandikira pa tebulo la mayina.

Ndavotapo kangapo m'moyo mwanga, koma tsiku limenelo dzanja linanjenjemera. Pa pepala panali anthu atatu okha, a Lazarus Chakwera, a Peter Mutharika ndi a Peter Kuwani, moti panalibe chovuta kupeza. Chinandigwira ndi kukumbukira chaka chonse chimene tinadutsamo: zionetsero zimene zinkatseka tauni, utsi wokhetsa misozi wofika mpaka m'makomo, masiku amene shopu sinkatsegulidwa ana akufuna chakudya. Nditapinda pepala n'kuponya m'bokosi ndinaima kaye pang'ono, mpaka mtsikana wa pa bokosi anandiuza mwaulemu kuti, "Mayi, mwatha, mutha kupita." Inki ya pachala sindinafune kuti ichoke msanga. Ndinasoka nayo sabata yonse, ndikuiyang'ana pamene chala chikukankha nsalu.

Kuyambira Lachitatu mpaka Loweruka m'pamene ndinaona kusiyana kwa wailesi ndi foni. Pa WhatsApp pankabwera manambala a mtundu uliwonse, wina akuti zatha kale, wina akuti kukubwera chipwirikiti, mtima n'kumangodumpha. Pa wailesi atolankhani ankawerenga zochokera m'maboma, limodzi limodzi, n'kumakumbutsa kuti zotsimikizika zinena a bungwe la MEC. Foni aliyense amayang'ana yekha, ataweramitsa mutu. Wailesi mukaika pa mpando pakati pa bwalo, pulotu yonse imamva chinthu chimodzi nthawi imodzi, ndipo wonama sapeza polowera.

Loweruka pa 27 June usiku, kwathu magetsi anali atazima. Tinasonkha mbaula pabwalo, ana atakulungidwa m'mabulangete, kawailesi pa mpando, tochi yake ikuunikira makapu a tiyi. Alandilodi athu, amene tonse timawatchula kuti adada, anatulutsa mpando wawo wa ndalema n'kukhala pafupi kwambiri ndi sipika chifukwa khutu limodzi silimva bwino. Adada ndi munthu wa ku Rumphi. Pa referendamu ya pa 14 June 1993 anavotera nyali, kukana tambala wakuda, ndipo mu 1994 anali pambuyo pa a Chakufwa Chihana. Amakumbukira kuti mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, ndipo chinadzabwerera matipate atalowa. Madzulo amenewo anatiuza kuti kuchonga pa tambala Lachiwiri lija sikunali kophweka kwa iwo. Anati anachita chifukwa cha mgwirizano wa Tonse, chifukwa cha a Saulos Chilima, komanso chifukwa sanafune kuti voti ya munthu izifufutidwa ndi utoto woyera.

A Chifundo Kachale, wapampando wa MEC, atayamba kulankhula ku Blantyre, palibe anatsokomola. Ndinakweza voliyumu mpaka kumapeto, ndipo apa ndiyamikire sipika yake: mawu a munthu amatuluka oyera, osasweka, nambala iliyonse imamveka. A Chakwera mavoti oposa 2.6 miliyoni, a Mutharika pafupifupi 1.75 miliyoni. Mawu otsiriza sitinawamve. Nthungululu inayambira kuseri kwa mpanda, ina kumtunda, kenako Chiputula yense. Anyamata a sacramento, aja onyamula anthu pa njinga, ankaliza mabelu mumdima, magalimoto akuimba mahutala kulowera ku Katoto, ena akumenya zidebe ndi mapoto. Ine ndinapezeka ndikuvina nditanyamula mwana wa eni, misozi ikutsika, osadziwa kuti yayamba liti.

Adada sanaimirire. Anavula chipewa, n'kuchiika pa bondo, n'kumangogwedeza mutu. Ndinagwada pafupi n'kuwafunsa kuti, "Adada, muli bwino?" Anandigwira dzanja lija la inki n'kunena kuti, "Mwana wanga, makhoti agwira ntchito ine ndili moyo." Anali kunena zoona. Mu Africa muno ndi Kenya yokha imene inali itathetsapo chisankho cha pulezidenti kukhoti, mu 2017, koma kuti otsutsa boma apambane pa chobwerezacho, tinayamba ndife.

Pa bwalo lomwelo panali mayi a nyumba ya kumapeto, a kwa Thyolo, amene chitenje chawo cha buluu tonse tinkachidziwa. Anamvetsera nafe mpaka pamapeto, kenako anatola kapu yawo n'kulowa m'nyumba mwakachetechete. M'mawa mwake, pamene a Chakwera ankalumbira ku Lilongwe, anabwera kudzapala moto ngati masiku onse, ndipo anaima pakhomo kumvetsera nawo.

M'chipwirikiti cha usiku umenewo wina anagunda mpando, kawailesi kanagwa pa simenti. Bokosi silinasweke, koma eriyo inathyokera patsinde. Eriyo zake n'zopyapyala kwambiri, ndipo ichi ndi chilema cha timawailesi tonse ta mtundu umenewu tomwe ndaona kwa anzanga. Wokonza mawailesi mumsika anandiikira ina yochotsa pa wailesi yakufa, yolimba kuposa yoyamba. Nyimbo zovinira musakadalire: mukabaya fulashi n'kukweza kwambiri kamalira ngati chitini, besi palibe. Ndi ka nkhani, maulaliki ndi mpira.

Sikanandibweretsere zokoma zokhazokha. Ndi pomwepa pamene ndinamva, mu June 2024, kuti ndege imene inanyamula a Chilima ndi anzawo, yomwe inkayenera kutera kuno ku Mzuzu, yapezeka itagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Tsiku limenelo mashini sindinawagwire. Zambiri zimene tinavinira mu 2020 sizinabwere monga tinkayembekezera, mitengo ya zinthu inatipweteka, ndipo izi ndimazinena poyera. Pa chisankho cha pa 16 September 2025 a Mutharika anabwereranso, ndipo mayi a kwa Thyolo aja ndi amene anabwereka kawailesi kanga n'kukaika pakhonde pawo. Nthungululu inali yawo ulendo umenewo. Ndinawabwereka ndi mtima umodzi, chifukwa voti yawo inawerengedwa monga yanga inawerengedwera.

Patha zaka, batire layamba kutopa. Kale linkatha tsiku lonse, pano limafuna kutchaja chakumadzulo. Mwayi wake limachotseka, ndi lija lozungulira lopezeka m'mashopu a zamagetsi, ndiye pogula onetsetsani kuti chitseko cha batire chimatseguka, chifukwa tina timabwera tomatiratu. Mtengo umene ndinagulira sungakuthandizeni, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, choncho yendani mashopu angapo musanatulutse ndalama. Muuzeni wogulitsa ayatse pomwepo, mukoke eriyo, mufufuze masiteshoni anu, muyese tochi, ndipo chingwe chotchajira chikhale m'katoni musanachoke pa kauntala.