Mnyamata amene anandikonzera masipika a pabalaza

Chaka chatha mu Ogasiti ndinajambula kafilimu kafupi ku Kulamba, ku Mkaika kwa Gawa Undi. Mawu ake anandisakanizira ku situdiyo ina ku Lusaka, poti tinkafuna kukaonetsa mu holo ya sinema. Kumeneko zinamveka bwino. Agogo amene ankafotokoza za Gule Wamkulu ankamveka mbee pakati, ng'oma ndi nthungululu zili kumbuyo. Koma nditabwera nako kuno ku Chipata n'kukaika pa masipika anga a 5.1 (masipika asanu ozungulira pabalaza ndi imodzi ya besi), ng'oma zija zinatidzadza m'makutu mpaka mayi a ana anati, "Kodi agogowa akuti chiyani?" Zinandipweteka mtima, chifukwa mawu a agogowo ndi amene ndinapitira ku Mkaika.

Mnzanga wina anandilozera mnyamata amene amakonza zokuzira mawu kufupi ndi msika wa Kapata. Tinapangana 9 koloko, iye anafika dzuwa litapendeka, osaimba ngakhale foni. Apo ndiye sindinakondwe naye. Koma ntchito amaidziwa.

Sanayambe ndi kupotoza mabatani. Anakhala pampando umene ndimakhala ine, n'kutulutsa kamita koyezera mphamvu ya mawu, n'kukagwira molunjika kudenga pamene pamakhala mutu. Kenako anayatsa pink noise, phokoso lija lomveka ngati mvula pa malata, sipika imodziimodzi. Ya kumanzere, ya pakati, ya kumanja, ziwiri za kumbuyo, zonse anazifikitsa pa 75 dB (dB ndi muyeso wa mphamvu ya mawu). Ya pakati anaipeza yatsikira, poti ndinailowetsa mkati mwa kabati, ndipo anaikokera kutsogolo mpaka m'mphepete. Taika filimu ija, agogo anayamba kumveka, koma ng'oma zinali zikadapambanabe.

Apa m'pamene ndinamupatsa ulemu. Anati, "Akulu, makina anu tsopano ali bwino, vuto lili mu filimuyi." Anafotokoza kuti ku sinema masipika atatu a kuseri kwa chinsalu amawaika pa 85 dB iliyonse, koma mbali ziwiri za kumbuyo amaziika pa 82 dB. Chiyambi chake n'chakuti kale mawu a kumbuyo ankayenda mu njira imodzi yokha, ndiye ataigawa pawiri anatsitsa mbali iliyonse ndi 3 dB kuti zikalira pamodzi zizikwanabe 85. Wosakaniza mawu a sinema amamvera pa masipika otsitsidwa choncho, motero ng'oma amazikweza mu fayilo mpaka zimukwanire. Kunyumba masipika onse asanu amakhala ofanana, ndiye fayilo yomweyo imatulutsa mawu a kumbuyo opitirira ndi 3 dB. Pa pepala chiwerengerochi chimaoneka chaching'ono, koma ndi mphamvu yowirikiza kawiri, ndipo pabalaza panga sipika ya kumbuyo ili pafupi ndi khutu, mwina mikono iwiri yokha.

Ine ndinati bwanji osangotsitsa za kumbuyozo pa amplifaya. Anakana. Anati mafilimu a pa DVD ndi Blu-ray kawirikawiri amabwera atatsitsidwa kale, ndiye ndikatsitsanso ine ndidzawononga onsewo chifukwa cha filimu imodzi. M'malo mwake anatsegula fayilo pa laputopu yanga, n'kutsitsa njira ziwiri za kumbuyo ndi 3 dB, n'kusunga kope lachiwiri lolembedwa kuti "la kunyumba". Loyamba sanalikhudze. Za subwoofer, sipika ya besi ija, anandichenjeza kuti ndisawonjezere mu fayilo 10 dB imene njira ya besi yotchedwa LFE imafuna, chifukwa amplifaya imaiwonjezera yokha.

Magetsi anathima tisanamalize, iye anabweranso m'mawa mwake osawonjezera mtengo, ulendo uno nthawi yake yeniyeni. Ndinamulipira K300. Chimene ndikanakonda n'chakuti azisiyira munthu manambala onse atalemba papepala. Ine ndinachita kumuumiriza, ndipo pepalalo ndalimata kuseri kwa kabati kuopa ana akadzasewera ndi rimoti.

Madzulo ake tinaonera tonse. Pamene gule akutuluka ku dambwe, ng'oma zinachokera kumbuyo kwathu monga ndinazimvera nditaima pabwalo paja, ndipo mawu a agogo anamveka onse, ngakhale pamene anatsitsa mawu potchula malemu amuna awo. Anzanga awiri amene amajambula maukwati ndawapatsa kale nambala yake, ndipo ndawauza kuti amuimbire m'mawa kumukumbutsa.