Mkangano wa inshuwalansi ya chipatala monga ndauonera kuno ku Indiana

Abale anga kumudzi, ambiri mumandifunsa ngati n'zoona kuti kuno ku America munthu amalipira ngakhale ambulansi imene yamunyamula atakomoka. N'zoona ndithu. Kuno kulibe zonyamula kabuku ka kuchipatala n'kukakhala pamzere ku Queens kapena ku Central mpaka adokotala akuone ulere. Tonse tikudziwa kuti kwathuko mankhwala amasowa, amakulembera kuti ukagule wekha, komabe pakhomo salipiritsa. Kuno amafuna khadi la inshuwalansi. Ambiri amalipezera kuntchito, monga ena kwathu amakhalira pa MASM. Okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo ali ndi Medicare, osaukitsitsa ali ndi Medicaid, zonse ziwiri ndi inshuwalansi za boma. Otsala pakatiwo, ifeyo ogwira maganyu ndi ntchito zosamalira okalamba, ndi amene andale akhala akutikanganira zaka zonsezi.

Pa 23 March 2010 Barack Obama anasaina lamulo la Affordable Care Act, limene aliyense amangoti Obamacare. Lamuloli linaletsa makampani a inshuwalansi kukana munthu chifukwa choti ali kale ndi matenda. Kale mayi wa shuga kapena bambo wa BP akafuna kudzigulira yekha inshuwalansi, kampani inkatha kumubweza kapena kumutchulira mtengo woti athawe yekha. Koma ukawaletsa makampani kusankha anthu, pamabuka vuto lina. Taganizani gulu lothandizana pamaliro limene munthu angalowe tsiku lomwe pakhomo pake pagwa zovuta, n'kulandira bokosi ndi ufa, kenako n'kutulukamo. Gulu lotero silingathe chaka. N'chifukwa chake lamulo linati aliyense akhale ndi inshuwalansi, wathanzi ndi wodwala yemwe, ndipo boma lizithandiza opeza zochepa kulipira. Wokana azilipira chindapusa polemba za msonkho. Mu 2014 chinali madola 95 kapena 1 peresenti ya zimene munthu amapeza, pofika 2016 chinafika madola 695 kapena 2.5 peresenti, kutengera chimene chakula.

Chindapusachi ndinachionera pafupi. Mnyamata wina wakwathu, amene tinkagwira naye ntchito usiku kunyumba yosungira okalamba, anabwera tsiku lina nkhope ili gwa. Tinakhala m'chipinda chopumira, iye atatsegula kontena yake ya nsima ndi nyemba koma osadya. Anatulutsa mapepala a msonkho n'kundilozera mzere umene anamudula ndalama. "Achimwene, ineyo chibwerereni sindinapondeko kuchipatala. Ndalama imeneyi ndimati ndiwatumizire amayi agule feteleza." Ankagwira ntchito ziwiri, zonse zopanda inshuwalansi, ndipo atawerengera anaona kuti kulipira mwezi ndi mwezi sangakwanitse. Sindinamuyankhe msanga, chifukwa pashifiti yomweyo panali mayi wina wa ku Zambia, wodwala shuga, amene lamulo lomwelo linamupatsa mpata wogula mankhwala osachita kudumphitsa masiku. Onse awiri ankanena zoona, ndipo onse awiri ankatopa mofanana potembenuza agogo pabedi.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti zipani ziwiri zazikulu za kuno, cha Democrat cha Obama ndi cha Republican, zinasinthana mbali anthu akuona. Ganizo lokakamiza munthu kugula inshuwalansi silinachokere kwa Obama. Mu 1989 Stuart Butler wa bungwe la Heritage Foundation, lomwe limayendera mfundo za chipani cha Republican, analemba kuti banja lililonse liyenera kukhala ndi inshuwalansi. Mu 1993, Bill Clinton akulimbana ndi dongosolo lake la zaumoyo, seneta John Chafee wa Republican anabweretsa bilu yokhala ndi mfundo yomweyi, anzake ambiri a chipanicho n'kuikapo mayina awo. Mu 2006 Mitt Romney, wa Republican nayenso, ali bwanamkubwa wa Massachusetts, anasaina lamulo lotere m'chigawo chake. Iwo ankati munthu adzisenzere katundu wake, asamadalire ena. Ndipo mfundoyi inali ndi mutu, chifukwa lamulo la 1986 limakakamiza zipatala kulandira aliyense wobwera mwadzidzidzi ali kayakaya, kaya ali ndi ndalama kaya alibe. Akalephera kulipira, mtengowo umagwera ena.

Nayenso Obama, pa chisankho cha chipulula cha 2008, ankamutsutsa Hillary Clinton pa mfundo yomweyi yokakamiza akuluakulu. Atalowa m'boma anaitenga. Ataitenga iye, eni ake anaikana. Bilu inadutsa mavoti 219 kwa 212 m'nyumba ya aphungu popanda wa Republican ndi mmodzi yemwe woivomera. Mu 2012 Romney yemwe uja anapikisana ndi Obama akulonjeza kuthetsa lamuloli, ati zimene zinayenera Massachusetts siziyenera kukakamizidwa dziko lonse.

Sindikunena kuti otsutsawo alibe mfundo. Anthu a kuno sakonda boma lowalamula, ndipo funso lawo linali lakuti boma likakukakamiza kugula katundu wa kampani lero, mawa lidzakukakamiza kugula chiyani. Kukhoti lalikulu anafika mpaka pofunsana ngati boma lingalamule anthu kugula ndiwo zamasamba za broccoli. Pa 28 June 2012 majaji anagamula asanu kwa anayi kuti lamulo likhale. John Roberts, mkulu wa majaji amene anasankhidwa ndi George W. Bush, anati boma lilibe mphamvu yolamula munthu kugula chinthu, koma chindapusacho chingawerengedwe ngati msonkho, ndipo msonkho boma limaloledwa kudula.

Chigamulo chomwecho chinapatsa zigawo ufulu wokana kukulitsa Medicaid kuti ifikire anthu ambiri opeza zochepa monga Obamacare inkafunira, ndipo apa ndi pamene ndale zinalowa m'nyumba za anthu. Kuno ku Indiana, Mike Pence, amene anali bwanamkubwa panthawiyo, wa Republican weniweni, anavomera mu 2015 koma m'njira yakeyake, pansi pa dzina la Healthy Indiana Plan. Texas ndi Florida anakana. Anthu awiri opeza ndalama zofanana, wina ku South Bend kuno ku Indiana wina ku Dallas ku Texas, wina amaonana ndi dokotala, winayo amangomwa mankhwala opha ululu kudikira kuti zifike poipa.

Usiku wa 28 July 2017 ndinali pantchito, kanema wa pabalaza akuyankhula motsitsa kuti agogo asadzuke. A Republican anali ndi White House ndi nyumba zonse ziwiri za malamulo, ndipo ankavotera bilu yochotsa mbali zina za Obamacare, kuphatikizapo kukakamiza kuja. Seneta John McCain wa Republican, atangopezeka kumene ndi khansa ya mu ubongo, analowa m'nyumba ya maseneta, n'kutambasula dzanja, n'kuloza chala chachikulu pansi. Iye ndi anzake awiri a Republican, Susan Collins ndi Lisa Murkowski, anakana, bilu n'kugwa 49 kwa 51. Koma mu December chaka chomwecho anazembetsa nkhaniyi m'lamulo la misonkho limene Donald Trump anasaina: kuyambira 2019 chindapusa chinakhala ziro. Texas ndi zigawo zina anapitanso kukhoti kuti lamulo lonse ligwe, khoti lalikulu n'kuutaya mlanduwo mu 2021. Lero California, New Jersey, Rhode Island, Massachusetts ndi Washington DC ali ndi chindapusa chawochawo, kwina kulibe.

Ine maganizo anga ndi akuti kusonkha tonse n'koyenera, koma usamulange munthu pa chinthu chimene mtengo wake sangaufikire. Inshuwalansi zotchipa za kuno umalipira mwezi uliwonse, koma ukadwala umayamba watulutsa wekha madola masauzande kampani isanaponyepo kanthu. Chindapusa chitachoka, Obamacare sinagwe monga ambiri ankaopera, ndipo chimene chinasunga anthu ambiri ndi thandizo la boma pa mtengo. Thandizo lowonjezera limene linabwera mu 2021 ndi limene zipanizi zinakanganirananso kumapeto kwa 2025, mpaka ntchito zambiri za boma zinaima masiku 43.

Kwa ife obwera pali zinanso zimene simuzimva pa wailesi. Wokhala ndi green card kawirikawiri amadikira zaka zisanu asanayenere Medicaid. Amene mapepala ake anatha ntchito, m'zigawo zambiri saloledwa n'komwe kugula inshuwalansi pamsika umene boma linakhazikitsa pansi pa Obamacare, ngakhale ndi ndalama zake. Ameneyu akagonekedwa m'chipatala, uthenga umayenda m'magulu athu a WhatsApp, mayi wina amatenga kope n'kumalemba mayina, wina madola 20, wina 50, ndipo Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi timawerengera pamodzi. Choncho mwana wanu akakuuzani kuti wapeza ntchito kuno, musanamufunse za malipiro, mufunseni ngati ntchitoyo ili ndi inshuwalansi, ndiponso ali m'chigawo chiti.