Nyali yopopa mpweya: yandikomera m'tchalitchi, yandivuta kunyanja

Aliyense amene anajambulapo kwaya ya amayi a Mvano akudziwa mmene mutu umawawira ukangosuzumira mu kamera. Bulauzi yoyera mbee, duku loyera mbee, siketi yakuda bii, ndipo pakati pa zoyerazo pali nkhope ya munthu wakuda. Ukatsegula kamera kuti nkhope ioneke, bulauzi imapsa, osaonekanso ngakhale batani limodzi. Ukatseka kuti bulauzi ikhale bwino, nkhope imamira, n'kungotsala maso ndi mano. Ndalimbana nalo vutoli zaka zambiri, ndipo n'chifukwa chake chaka chatha ndinalimba mtima n'kugula nyali yopopa mpweya, ija anzathu pa ntchito amangoti "baluni". Ndagwira nayo ntchito miyezi 9 tsopano, ndiye ndili ndi choti ndinene.

Kwa amene simunaione, ndi chinsalu chopindika chimene anasokererapo timababu ta LED tambirimbiri, kutsogolo kwake kuli chithumba choyera cha pulasitiki. Ukachipopa, chithumbacho chimatukumuka n'kutalikirana ndi timababu mofanana paliponse, moti sumaonanso babu lililonse palokha, umangoona chinthu chimodzi chachikulu chowala. Yanga ndi ya mamita 1.2 m'lifupi ndi 2.4 m'litali. Ikaphwa ndimaikulunga ngati mphasa n'kuiponya kumbuyo kwa kagalimoto kanga pamodzi ndi masitandi. Kale kuti ndipeze kuwala kwa msinkhu umenewu ndinkafunika felemu yazitsulo, nsalu yoyera, nyali ziwiri kumbuyo kwa nsaluyo, masitandi anayi, anthu atatu, komanso kuchita hayala pikiyapu.

Nzeru yake si ya dzulo. Kampani ya ku France ya Airstar inayamba kupanga mabaluni owunikira mu 1994, ena mwa iwo odzaza ndi mpweya wa helium kuti aziyandama okha m'mwamba. Koma helium imangonyamula pafupifupi kilogalamu imodzi pa kiyubiki mita iliyonse, ndiye baluni imayenera kukula kwambiri, ndipo mpweyawo ndi wodula. Zimenezo zinali za mafilimu a ndalama zawo. Chimene chatifikitsa ife anthu wamba pa nkhaniyi ndi LED: siitentha ngati mababu akale aja, ndi yopepuka, ndipo imatheka kuikika pa nsalu. Mu 2024 kampani ina yopanga nyali, Aputure, inatulutsa nyali zake za LED zopopa zotchedwa INFINIMAT, yaikulu kwambiri ndi ya mafiti 20 mbali zonse, pafupifupi mamita 6. Yanga si ya makampani awiriwa. Ndi ya m'munsi mwake pa mtengo, anandigulira mlamu wanga ku Johannesburg, ndipo imapopedwa ndi mpweya wamba. Siyandama, umachita kuipachika.

Ntchito yoyamba inali m'tchalitchi china ku Chiradzulu, cha njerwa zootcha, denga lamalata, chopanda siling'i. Amayi analipo 32, m'mizere itatu. Ine ndi mphwanga tinafika m'ma 6 koloko m'mawa, tinayala nyaliyo pa simenti, kulumikiza kapampu kake, ndipo pasanathe mphindi zisanu inali itakhuta. Amayi apampando anafika n'kuidinikiza ndi chala.

"Achimwene, kodi lero mwabwera ndi matiresi?"

"Ayi mayi, ndi nyali imeneyi."

"Bola isatithobwe m'maso ngati za ulendo watha zija. Tinkaimba misozi ili chuchuchu."

Sananame. Ulendo umenewo ndinawaunikira ndi tinyali ting'onoting'ono towala mobaya, ndipo mu vidiyo yonse amayi anali otsinzinira, mphumi zili ndi madontho oyera ngati wina wawapaka laimu. Zinandikhala pamtima.

Tinaponya zingwe ziwiri pa mtanda wa denga n'kukoka. Apa ndi pamene ndinayamba kuikonda: anthu awiri okha, popanda makwerero aatali, chinthu chachikulu chonchija chinakwera bwinobwino, ndipo sindinkaopa kuti pamwamba pa mitu ya anthu pali chitsulo cholemera. Tinaipendeketsa pang'ono kuti iyang'ane kwaya, ndinaichuna mtundu wa kuwala pa 5600K kuti igwirizane ndi kuwala kwa dzuwa kolowera pa mawindo, kenako ndinayatsa.

Mu mzere woyamba munali gogo wina woimba alto. Nditamuyandikitsa pa monita ndinakhala kaye chete. Pamphumi pake panali kunyezimira kotambalala, kofewa, ngati munthu amene wangodzola mafuta atasamba. Makwinya a m'mbali mwa maso ankaoneka lililonse palokha koma osachita kukumbika. Pansi pa duku, pamene nthawi zonse pamakhala mdima, maso ankaoneka, ndipo m'diso lililonse munali kawindo koyera kakang'ono. Bulauzi nayo inali ndi mapindo ake, mabatani ake, ngakhale ulusi wa pa kolala. Sindinakhudze chilichonse pa kamera kuti ndipulumutse china n'kutaya china. Zonse zinakwana pamodzi.

Chifukwa chake ndi ichi, ndipo ndikufuna anzanga ojambula achimvetse chifukwa ambirife tinaphunzira kuunikira poonera anthu ojambula azungu. Khungu lakuda limaonetsa maonekedwe ake makamaka ndi kunyezimira. Limabweza chithunzi cha nyali imene ikuliwalira, pafupifupi ngati mtsuko wokulungidwa bwino. Nyali ikakhala yaing'ono, pa tsaya pamabwera kadontho kowala kwambiri, kwina konse mdima. Ikakhala yaikulu, kunyezimirako kumayala pa mphumi, pa tsaya, pa mphuno, ndiye nkhope imaumbika popanda kuwonjezera mphamvu ya nyali. Ndipo ngati suwonjezera mphamvu, bulauzi siipsa. Kufewa kwa kuwala sikuchokera ku mtengo wa nyali ayi, kumachokera ku kukula kwake monga mmene akuionera munthu wojambulidwayo. Dzuwa ndi lalikulu zedi, koma lili kutali, ndiye masana a mu Okutobala mthunzi umakhala wakuthwa. Tsiku la chiperoni ku Blantyre thambo lonse limasanduka nyali imodzi, ndipo aliyense amaoneka bwino pa chithunzi. Baluni imeneyi ndi kachiperoni konyamula m'chikwama.

Komabe amayi 32 anali pa malire ake. Kuwala kumatha msanga ukamatalikira: pa nyali yaing'ono, mtunda ukawirikiza kawiri kuwala kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo yaikuluyi nayo ukatalikira ndithu imatsata lamulo lomwelo. Mzere wachitatu unada. Tinachita kuikweza ndi kuibweza m'mbuyo kuti mizere ifanane, ndipo potero kufewa kuja kunachepako. Kwa munthu mmodzi wofunsidwa mafunso, banja, kapena gulu la anthu khumi, ndi yokwana n'kutsala. Kwaya yaikulu imafuna ziwiri.

Chimene sanakuuze ogulitsa ndi choti kuwala kwake kulibe mwambo. Kumapita paliponse: pa khoma, pa mabenchi opanda anthu, pa kalendala ya kumbuyo, mpaka pa malata. Tchalitchi chonse chinangoti ngwee, chithunzi n'kukhala chosalala, chopanda poyambira. Mphwanga anathamangira pa msika kukagula nsalu yakuda mamita 6, tinaizunguliza m'mbali ngati siketi ndi zopanira zovala, m'pamene khoma linabwerera mu mdima, amayi n'kutumphuka. Chiyambire tsiku limenelo nsaluyo imakhala m'chikwama chimodzi ndi nyali.

Kapampu kake kamalira ngati makina ometera, ndiye popani wojambula mawu asanayambe ntchito. Ndipo mpweya uli ndi khalidwe lake. Kukazizira umanyala: usiku wina wa mu Juni ku Zomba nyali inayamba kugwa mimba pakati, mpaka tinaima kuti tiwonjezere. Kukatentha umafufuma: ku Chikwawa ndinaipopa yolimba m'mawa, pofika 11 koloko inali gwa, misoko ikuchita kukokeka, ndinafulumira kuichepetsa. Kumalo otentha isiyeni yofewa pang'ono, yoti chala chizilowa. Pa magetsi sinandivutepo. Ikudya zochepa moti kajenereta kakang'ono kamaikwanitsa pamodzi ndi zotchajira mabatire, ndipo kamera ikujambula mafelemu 25 pa sekondi ndi shutter (chitseko cha kamera) ya 1/50 ya sekondi, mmene timajambulira kuno kwa magetsi a 50Hz, sindinaone kuphethira kulikonse. Masana panja musaivutitse, singalimbane ndi dzuwa.

Tsopano za kunyanja. Mu Julayi ndinapita ku Senga Bay kukajambula vidiyo ya woimba wina, dzuwa likulowa. Ndinkafuna kuwala komwe kuja kwa ku Chiradzulu pa nkhope yake, madzi ali kumbuyo. Inali nyengo ya mwera, ndipo ndinkadziwa. Mabwato ambiri anali pamtunda tsiku limenelo. Tinaimika nyali pa masitandi awiri, mwendo uliwonse tinaupsinja ndi thumba la feteleza lodzaza mchenga. Bambo wina wachikulire amene ankasoka ukonde chapafupi anatiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, thanga limenelo litsitseni. Mphepo iyi sinayambe." Ndinawayankha mwaulemu kuti tingojambula kamodzi kokha.

Iwo anaona chimene ine ndinakana kuona. Chinthu cha mamita 1.2 ndi 2.4 ndi pafupifupi masikweya mita atatu a nsalu yoimirira, ndipo n'chopepuka. Kupepuka kumene kunandisangalatsa m'tchalitchi ndi kumene kunatipweteka pa mchenga. Woimba ali pakati pa vesi, mphepo inabwera kamodzi n'kamodzi, sitandi imodzi inanyamuka ndi thumba lake lomwe, nyali inazungulira n'kudutsa pafupi kwambiri ndi mutu wa mnyamata wogwira sipika. Baluniyo payokha sikanamuvulaza, koma sitandi ndi chitsulo. Mphwanga anaidumphira, zonse zinagwera pa bwato lina, ndipo msomali wa bwatolo unaboola chithumba. Ndinamva kuti fyuu, nyali n'kuyamba kufota ikuyakabe. Usiku umenewo sindinagone bwino poganiza za mwana wa eni ake uja.

Bowo tinakalipeza m'mawa kwa wokonza njinga ku Salima. Anapaka thovu la sopo m'mbali monse mpaka pamene linayamba kutukusira, kabowo kochepa ngati njere ya mpunga. Guluu wake wa machubu sanagwire, chifukwa chithumbacho ndi pulasitiki, si labala. Chinagwira ndi chigamba chimene chinabwera m'bokosi la nyaliyo, ndipo munali ziwiri zokha. Pamenepa opanga anaumira. Chinthu choti chizikhala pakati pa misomali, minga ndi malata chinayenera kubwera ndi zigamba zambiri. Chigambacho chikugwirabe mpaka lero, kungoti nyali ikayaka pamaoneka kachipsera kakuda pang'ono, kosafika pa nkhope ya munthu.

Kodi ndingauze mnzanga kuti agule? Ngati ntchito zanu zambiri ndi za m'nyumba, makwaya, maumboni a m'mabungwe, zokambirana, mavidiyo a nyimbo a m'chipinda, ndipo mumayenda awiri kapena atatu pa galimoto yaing'ono, gulani osacheuka. Mtengo wake unandilanda lenzi imene ndinkaisungira ndalama, koma sindinadandaulepo. Muwerengere pamodzi nsalu yakuda, zingwe zolimba, matumba a mchenga ndi zigamba zapadera. Ngati ntchito zanu ndi za panja, m'mabwalo a ukwati, kumapiri kapena kunyanja, muzingobwereka tsiku limene kuli bata, ndipo pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kugwira chingwe basi.

Vidiyo ya ku Chiradzulu ija tinakaionetsa m'tchalitchi momwemo patatha milungu itatu, pa nsalu yoyera. Itafika pa gogo wa alto, amayi anayamba kululutira, iye anaphimba kukamwa ndi chitenje. Potuluka anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kundifunsa ngati ndingamutsukire chithunzi chimenecho kuti akapachike kunyumba. Ndinamutsukira chachikulu, ndipo mphwanga anakachisiya Lamlungu lotsatira.